Njoka yofundula zidutswazidutswa ikukuuzani za khola lake

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yathu kuti ndilankhule ndi anthu amene amaweta njoka m'nyumba, komanso amene akuganiza zoyamba kuweta. Njoka siilira, siitsimphina, ndipo nkhope yake siisintha ikamamva ululu. Imatha kudwala miyezi ingapo mwini wake akuiona tsiku ndi tsiku osazindikira kanthu. Nthawi imene imaulula mmene ikukhalira ndi pamene ikufundula. Khungu limene yasiya limaonetsa ngati m'khola muli chinyezi chokwanira, ngati mukutentha moyenera, ngati ikumwa madzi, ngakhalenso ngati ili ndi nthata. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ambiri amangolitaya khungulo osaliyang'ana, ndipo likakakamira pathupi amalisenda ndi zala, n'kusiya khola lili momwemo.

Kufundula sikuchitika tsiku limodzi. Khungu latsopano limayamba kupangika pansi pa lakale, ndipo pakati pa awiriwa pamalowa timadzi timene timawalekanitsa. Poyamba mtundu wa njoka umazilala, thupi limachita mbuu, ndipo kumimba kwa njoka zina kumafiirira pang'ono. Kenako maso amaoneka ngati mwalowa mkaka, obiriwira, kwa masiku awiri mpaka anayi. Pa masiku amenewa njoka siiona bwino, ndiye imabisala, imakana chakudya, ndipo ngakhale yofatsa imatha kuluma. Pambuyo pake maso amayeranso, ndipo apa m'pamene oweta atsopano amasokonezeka: amayesa kuti yafundula kale n'kumafunafuna khungu m'khola. Ayi, timadzi tija tangobwerera m'thupi. Pamapita masiku ena atatu mpaka asanu, ndipo njoka imadzikhula mphuno pa chinthu chokhakhala, khungu limang'ambika pamilomo, n'kutulukamo ikulitembenuza kunja kukhala mkati. Zonse pamodzi zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Njoka yaing'ono imene ikukula msanga imafundula pafupifupi mwezi uliwonse kapena mwezi ndi theka. Yaikulu, kangapo chabe pachaka. Pa nthawi yonseyi musaigwiregwire, ndipo ikakana kudya musaikakamize.

Njoka yathanzi imafundula khungu limodzi lathunthu, kuchokera kumphuno mpaka kunsonga ya mchira. Likatuluka zidutswazidutswa, choyamba kuchikayikira ndi chinyezi cha m'khola. Pano sipafunika kungoganizira, pafunika kuyeza. Gulani choyezera chinyezi, hygrometer ya manambala, muiike pansi pafupi ndi pamene njoka imagona, osati pamwamba pa galasi pamene mpweya ndi wosiyana. Zoyezera zija za muvi zomata pakhoma nthawi zambiri zimanama. Ball python, nsato yaing'ono yochokera kumadzulo ndi pakati pa Africa, imafuna chinyezi chosachepera 55 kapena 60 peresenti masiku onse, ndipo pofundula chifike 70 peresenti kapena kuposerapo. Corn snake, yochokera kum'mwera chakum'mawa kwa United States, imakhala bwino pa 40 mpaka 60 peresenti. Boa constrictor, njoka yaikulu yochokera ku South America, imafuna 60 mpaka 70 peresenti. Khola lagalasi lotsekedwa ndi sefa pamwamba, lokhala ndi babu lotenthetsa, limauma msanga kwambiri, chifukwa mpweya wofunda umakwera n'kutuluka ndi chinyezi chonse. Tsekani mbali yaikulu ya sefayo, kusiya malo olowera mpweya, ndipo yalani pansi zinthu zosunga chinyezi monga makoko a kokonati. Thirani madzi m'makona kuti anyowetse pansi, pamwamba pakhale pouma. Kupopera madzi kamodzi patsiku kumakweza chinyezi kwa ola limodzi kapena awiri basi.

Njira yosavuta koposa ndi kabokosi konyowa kobisalamo. Tengani kontena yapulasitiki yokhala ndi chivundikiro, yoti njoka ikwanemo itadzipinda, boolani khomo m'mbali n'kusalaza m'mphepete mwake kuti musacheke, ndipo ikanimo ndere za sphagnum kapena mapepala ofewa onyowa. Finyani mpaka madzi asiye kudontha. Ikani kabokosiko chakumbali yofunda, ndipo muzisintha zamkatimo zikayamba kununkha kapena kuchita nkhungu. M'khola mukhalenso mwala kapena khungwa lokhakhala loti njoka iyambirepo kudzikhula, ndi mbale ya madzi yoti ingathe kulowamo thupi lonse.

Khungu likakakamira kale, musalikoke louma. Pansi pake pali khungu lanthete, ndipo kukoka kumazula mamba n'kusiya zilonda. Ikani thaulo lonyowa ndi madzi ofunda, a madigiri 28 mpaka 30, m'kontena yokhala ndi timabowo ta mpweya, muikemo njoka kwa mphindi 20 kapena 30. Yezani madziwo ndi choyezera, chifukwa madzi amene dzanja lanu likuwamva kufunda amakhala atapitirira kale madigiri 33, ndipo kwa njoka ndi otentha. Ngati mukuiviika m'madzi enieni, asapitirire theka la kunenepa kwa thupi lake, ndipo musachokepo, pakuti njoka yotopa imamira. Ikatuluka, ilekeni idutse m'thaulo lonyowa muli chigwirire mopepuka, kuchokera kumutu kupita kumchira. Chimene chakana lero chisiyeni, mubwereze mawa. Mafuta ophikira kapena odzola sathandiza: amamata dothi pakhungu ndipo amatha kufewetsa mamba mpaka kusupuka.

Pamaso m'pamene ndikupempha kusamala kwambiri. Njoka ilibe zikope. Diso lililonse laphimbidwa ndi kakhungu kamodzi koonekera ngati galasi, ndipo kameneka kamachoka pamodzi ndi khungu lonse. Choncho mukatola khungu lofundulidwa, tambasulani mbali ya kumutu n'kuyang'ana ngati timagalasi tiwiri tilipo. Tikasowa, mwina tatsalira pamaso. Diso lotere limaoneka losawala kapena lokwinyika, ndipo tikaunjikana kawiri katatu njoka imayamba kuphonya chakudya. Komatu si diso lililonse lokwinyika limene lili ndi khungu lotsalira. Njoka yosowa madzi m'thupi, makamaka ball python, imakhala ndi diso lopindika pang'ono ngakhale yafundula bwinobwino. Munthu akatenga kachitsulo kopanira kapena selotepi n'kukoka, amatha kuchotsa kagalasi kenikeni kamoyo, diso n'kutsala pamtetete, kuuma, kenako kufa. Chilema chimenecho sichichira. Konzani chinyezi, ipatseni kabokosi konyowa, ndipo nthawi zambiri kotsalirako kamachoka pa kufundula kotsatira. Kakapanda kuchoka, ntchitoyo ndi ya dokotala wa ziweto amene ali ndi galasi lokulitsa zinthu. Diso limodzi lokha likatupa n'kuyera pamene linalo lili bwino, kumeneko si kufundula. Kanjira kamene kamatsitsa misozi kuchokera m'diso kupita m'kamwa kamakhala katatsekeka, kapena pansi pa kagalasi paunjikana mafinya, ndipo kawirikawiri gwero lake ndi matenda a m'kamwa.

Nsonga ya mchira nayo muziiona nthawi zonse. Khungu lotsalira pamenepo limauma n'kukhala ngati mphete yothina, magazi amaleka kufika, nsonga imada bii n'kuduka.

Ngati chinyezi chili bwino koma njoka ikufundulabe moipa, funani nthata. Nthata za njoka, zotchedwa Ophionyssus natricis, ndi timadontho takuda kapena tofiirira, tating'ono ngati njere ya mchenga, toyamwa magazi. Timabisala mozungulira maso, mumzere wa pansi pa chibwano, m'timaenje ta pamilomo ya nsato, ndi pansi pa mamba. Zizindikiro zake ndi izi: njoka imakhala m'mbale ya madzi masiku athunthu, pansi pa mbaleyo mumapeza timadontho takuda tomira, ndipo pathupi pamaoneka tinthu toyera ngati phulusa, tomwe ndi ndowe za nthatazo. Pukutani njoka ndi pepala loyera lonyowa. Mukaona timizere ta magazi, zilipo. Njoka yaing'ono zimatha kuimaliza magazi mpaka kufa, ndipo mabala a kulumako amalowetsa mabakiteriya. Chimene chimagonjetsa anthu ambiri n'chakuti nthata siziikira mazira panjoka. Zimatsika n'kukaikira m'ming'alu ya khola, m'makungwa ndi m'makona a chivundikiro, ndipo pasanathe sabata zitatu mazira aja amakhala nthata zazikulu zoikiranso ena. Kusambitsa njoka kokha kumapha zimene zili pathupi tsiku limenelo, zina n'kubweranso sabata yamawa. Tayani zoyala zonse ndi mitengo imene singatsukike, tsukani khola ndi madzi otentha ndi sopo, yalani mapepala oyera kuti muziona zimene zatsala, ndipo pitirizani kwa sabata zosachepera zisanu ndi imodzi. Mankhwala atchulidwe ndi dokotala, chifukwa malire pakati pa kupha nthata ndi kupha njoka ndi ochepa. Opopera okhala ndi permethrin ndi a khola lopanda njoka ndi lopanda mbale ya madzi, ndipo liume kotheratu njoka isanabwerere. Mankhwala omwewo amapha amphaka ndi nsomba. Ivermectin, amene nthawi zina amaperekedwa kwa njoka, amapha akamba ndi afulu.

Pofuna kukweza chinyezi, ena amapitirira muyezo n'kusandutsa khola dambo. Chinyezi cha mumpweya ndi kunyowa kwa pogona ndi zinthu ziwiri zosiyana. Njoka ikamagona pachinyontho chosakanikirana ndi ndowe, mamba a kumimba amayamba kuwola: amasanduka ofiirira kapena akuda m'mphepete, amatukuka, kenako pamabuka matuza. Mukazindikira msanga, kuisamutsira pa mapepala ouma ndi kutsuka malowo ndi mankhwala otsukira mabala a povidone iodine osungunulidwa mpaka aoneke ngati tiyi wopepuka kumathandiza, ndipo khungu limayera pakatha kufundula kamodzi kapena kawiri. Matuza akaphulika, kapena kufiira kukafalikira mimba yonse njoka n'kufooka, ndiye kuti mabakiteriya alowa m'magazi, ndipo ikufunika jakisoni tsiku lomwelo. Musasokoneze zimenezi ndi kufiirira kwa kumimba kwa njoka imene yatsala pang'ono kufundula: kumeneko kumakhala kofanana ponseponse ndipo mamba amakhala osalala.

Zilonda zamoto nazo zimapezeka kumimba komweko. Njoka imatha kugona pa chinthu chotentha mpaka kupsa osasuntha. Choncho chotenthetsera chilichonse, kaya ndi mphasa yamagetsi ya pansi pa khola kaya babu, chilumikizidwe ku thermostat, kachipangizo kamene kamachizimitsa kutentha kukafika pa muyezo, ndipo babu likhale ndi chotchingira chawaya kuti njoka isalizinge. Miyala yamagetsi yotenthetsa ndi yosafunika n'komwe m'khola la njoka. Khola likhale ndi mbali yofunda ndi yozizirirapo, ndi pobisala mbali zonse ziwiri. Ball python imafuna madigiri 31 mpaka 33 kofunda ndi 25 mpaka 27 kozizira. Corn snake, pafupifupi 29 mpaka 31 kofunda ndi 22 mpaka 24 kozizira. Pobisala pakakhala pamodzi pokha, njoka imasankha kubisala m'malo mosankha kutentha koyenera, ndipo imadwalira pomwepo.

Kuzizira ndiye khomo la matenda ambiri, chifukwa chitetezo cha m'thupi mwa njoka ndi kugaya chakudya zimadalira kutentha kochokera kunja. Matenda a m'mapapo ndi oopsa kwambiri kwa njoka kusiyana ndi ziweto zina. Ilibe mnofu uja wolekanitsa chifuwa ndi mimba, choncho siingathe kutsokomola, ndipo mamina akalowa m'phapo amangokhala momwemo. Njoka zambiri zimapumira phapo limodzi lakumanja. Nsato ndi boa zili nalo lakumanzere, koma laling'ono. Mverani kaphokoso ngati kalikhweru kapena kuthetheka popuma, yang'anani thovu pamphuno ndi pakamwa, malovu otanuka ngati ulimbo, kupuma kukamwa kuli yasa, ndi kukhala mutu uli m'mwamba nthawi yaitali. Kalikhweru kakang'ono pa masiku ofundula kamatha kuchokera ku khungu lomasuka m'mphuno, ndipo kamatha ikafundula. Kakapitirira, kapena pakakhala thovu, pitani kwa dokotala, ndipo pemphani kuti atenge mamina akayezedwe asanasankhe mankhwala. Si chibayo chonse cha mabakiteriya. Mu 2014 akatswiri anafotokoza za vairasi wotchedwa nidovirus amene amadwalitsa nsato m'mapapo, ndipo mankhwala opha mabakiteriya samupha. Mankhwala otsala a anthu kapena a ziweto zina asayesedwe: ena amawononga impso za njoka imene ikusowa madzi.

Matenda a m'kamwa amayenda limodzi ndi a m'mapapo. Amayamba ndi timadontho tofiira pankhama, milomo yosatsekeka bwino ndi malovu ochuluka, kenako mafinya achikasu. Kawirikawiri chiyambi chake ndi bala: njoka yosowa pobisala imakhula mphuno pasefa usiku wonse, kapena yalumidwa ndi khoswe. Mafinya a njoka ndi olimba, sayenderera ngati a munthu, n'chifukwa chake chotupa cha njoka sichiphulika n'kuuma chokha. Chimafunika kung'ambidwa ndi kukombedwa. Matendawa akalekereredwa amadya fupa la nsagwada, mano n'kugwa. Pa nkhani ya makoswe ndinene mosabisa: khoswe wamoyo wosiyidwa m'khola la njoka imene sikufuna kudya, monga imene ili pofundula, amaidya msana mpaka fupa kuonekera. Ipatseni wakufa kale, wosungidwa mufiriji, womusungunula mpaka mkati ndi kumufunditsa m'madzi ofunda.

Kusanza si nkhani yaing'ono kwa njoka. Zifukwa zofala ndi zitatu: kuigwira pasanathe maola 48 chidyereni, khola lozizira, ndi chakudya chachikulu kuposa pamene thupi lake lanenepa kwambiri. Ikasanza, musaipatse china mawa lake poimvera chisoni. Kum'mero kumakhala kutapsa ndi asidi wa m'mimba, ndipo ikadyanso msanga imasanzanso. Dikirani masiku 10 mpaka 14, onani kutentha, kenako ipatseni chakudya chochepa ndi theka. Ikasanza kawiri katatu zonse zili m'malo, ndowe ndi masanziwo zikayezedwe. Kachilombo kotchedwa Cryptosporidium serpentis kamakhuthalitsa khoma la chifu, moti pakati pa thupi pamaoneka chotupa cholimba njoka ikuwonda. Palibe mankhwala odalirika okachotsa, ndipo bulichi wamba sakapha, choncho njoka yotere ikhale payokha ndi ziwiya zakezake moyo wake wonse. Kwa boa ndi nsato palinso inclusion body disease, matenda amene mu 2012 anapezeka kuti amayenderana ndi mavairasi a mtundu wa arenavirus. Njoka imasanza, imapotoza khosi n'kumayang'ana kumwamba, ndipo mukaigoneka chagada imalephera kudzitembenuza. Boa imatha kukhala nawo nthawi yaitali ikuoneka yabwino n'kumapatsira zinzake, pamene nsato imafa msanga. Alibe mankhwala.

Matenda atatu opanda mankhwalawa, a nidovirus, a Cryptosporidium ndi inclusion body disease, pamodzi ndi nthata, amalowa m'nyumba ndi njoka yatsopano. Yobwera kumene ikhale m'chipinda china kwa masiku osachepera 90, pa mapepala oyera, ndi mbale ndi zopanira zake, ndipo muziisamalira pomalizira mutatha zinazo. Kwa boa ndi nsato ndi bwino kutalikitsa mpaka miyezi isanu ndi umodzi ndi kuziyezetsa. Njoka ziwiri zisakhale khola limodzi, chifukwa imodzi ikasanza kapena kutsegula m'mimba simudziwa kuti ndi iti.

Kukana kudya pakokha si matenda. Ball python yaikulu, makamaka yamphongo, imatha miyezi ingapo osadya m'nyengo yoswana ili bwinobwino. Chimene chimasiyanitsa kusala kotere ndi kudwala ndi sikelo. Iyezeni m'magalamu kamodzi pamwezi. Ikataya gawo limodzi mwa magawo khumi a kulemera kwake, kapena msana ukayamba kutuluka ngati mpeni, ikaonedwe. Vuto la mbali inayo ndi lofala kuposa mmene anthu amaganizira: njoka yaikulu yodyetsedwa sabata iliyonse ngati mwana imanenepa, khungu limaonekera pakati pa mamba, pafupi ndi mchira pamachita mapindi, ndipo mafuta amadzaza chiwindi. Ball python yosamalidwa bwino imakhala zaka 20 mpaka 30, corn snake zaka 15 mpaka 20, ndipo kunenepa kumadula zaka zimenezi mwakachetechete. Oweta garter snake, njoka yodya nsomba, asamale ndi nsomba monga goldfish, zimene zili ndi chinthu chowononga vitamini B1. Njoka yodya zimenezi zokhazokha imayamba kunjenjemera ndi kugwa khunyu.

Kwa anthu a m'nyumbamo, chiopsezo ndi bakiteriya wotchedwa Salmonella, amene njoka zambiri zathanzi zimakhala naye m'matumbo. Sambani m'manja ndi sopo mukagwira njoka, khungu lake kapena makoswe ake, musatsukire mbale zake motsukira mbale zanu, ndipo ana osakwana zaka 5, amayi oyembekezera ndi odwala amene chitetezo chawo chatsika asaigwire.

Dokotala wodziwa zokwawa mumufunefune njoka isanadwale, chifukwa si onse amene amaziona. Sungani kope lolembamo tsiku limene yadya ndi chimene yadya, kulemera kwake, tsiku limene maso achita mbuu, tsiku limene yafundula ndi mmene khungu latulukira, komanso kutentha kwa mbali zonse ziwiri ndi chinyezi. Popita kuchipatala tengani kopelo, chithunzi cha khola lonse, khungu lomaliza kufundula, ndi ndowe zatsopano m'kapulasitiki kotseka, zosaumitsidwa mufiriji. Njokayo muinyamule m'kathumba kansalu komangidwa bwino, mkati mwa bokosi losunga kutentha, ndi botolo la madzi ofunda lokulungidwa m'thaulo kuti lisaikhudze.

Ndine wanu,
Muwerengi wokonda zokwawa